Usanatuluke pachipata, tiyambe tawerengera

Mdzukulu wanga, amayi ako anandiimbira foni Lachitatu usiku atangoweruka, asanalize n'komwe galimoto, ndipo mawu awo anali a munthu amene wangopukuta misozi. Akuti unawauza uli chiimire pakhomo, yunifolomu ya kuntchito ili paphewa, kuti sukulu basi yakwana, ungolemba GED, mayeso olowa m'malo mwa dipuloma ya sekondale. Iwo anazimva ngati uthenga wa maliro. Ine sindinazimve motero, komabe usiku umenewo sindinaone tulo. Ndasankha kulemba chifukwa tikakhala pamodzi umangoti "eya, agogo" maso ali pafoni, pamene nkhani iyi njofunika kuibwereza kawiri. Ndikudziwa kuti Chichewa masiku ano umachiwerenga mochedwa. Palibe kanthu, nkhani yakenso siyofuna liwiro.

Iwe ndi amayi ako mukukangana pa liwu limodzi, lakuti kirediti, koma aliyense akulimva mwake. Kwathu munthu akati ali ndi makirediti sikisi, ndiye kuti pa mayeso a MSCE anapeza pakati pa 3 ndi 6 m'maphunziro sikisi. Kirediti kumeneko ndi muyeso wa mmene mutu unagwirira ntchito m'masabata ochepa aja a mayeso a MANEB, ndipo zaka zinayi zonse za kusekondale zimaweruzidwa pamenepo. Ndiye amayi ako akamva kuti mwana wawo alibe makirediti okwanira, m'khutu mwawo mukulowa mawu akuti mwanayo ndi mbuli. Kuno ku Texas kirediti ndi chinthu china. Ili ngati lisiti yosonyeza kuti unakhala m'kalasi la phunziro lakutilakuti chaka chathunthu n'kulimaliza. Kawerengedwe kameneka kanayamba mu 1906, pamene bungwe la Carnegie Foundation linakhazikitsa kuti maola 120 a m'kalasi pa phunziro limodzi akhale muyeso umodzi, ndipo mpaka lero sukulu za ku America zikuyezabe mwana ndi wotchi.

Kuti upatsidwe dipuloma ya sekondale kuno pafunika makirediti osachepera 22: anayi a Chingerezi, atatu a masamu, atatu a sayansi, atatu a mbiri ndi za boma, awiri a chilankhulo china, imodzi ya masewera olimbitsa thupi, imodzi ya zaluso, ndi asanu a maphunziro osankha wekha. Teremu iliyonse imapereka theka la kirediti ukapeza malikisi 70 kapena kuposa. Koma pali lamulo lina limene mabanja obwera kuchokera kunja timalidziwa madzi atafika kale m'khosi: mwana ayenera kupezeka m'kalasi masiku 90 pa masiku 100 alionse amene phunzirolo laphunzitsidwa. Akajomba kupitirira apo, kirediti amaigwira ngakhale atakhoza.

Makirediti ako anathera pamenepo. Ndinaona pepala lako la chaka chatha. Algebra unapeza 81, ndipo mbuli sipeza 81 pa Algebra. Koma inali piriyodi yoyamba, pamene iwe unkaweruka kosungira katundu kuja 1 koloko usiku. Chaka choyamba chija nachonso chinapita ndi khutu: Chingerezi cha m'buku unkachidziwa, koma cha pakamwa pa aphunzitsi a kuno chinkakudutsa ngati mphepo, ndipo unkachita manyazi kukweza dzanja. Sindikukuimba mlandu. Unayamba ntchito utaona amayi ako akugwira mashifiti awiri kusamalira okalamba a eni, ndipo mtima umene unakutuma kumeneko ndimaulemekeza. Ndikungofuna kuti vutoli tilitchule dzina lake lenileni, chifukwa mankhwala a mutu sachiza mwendo.

Uli ndi zaka 17 ndi makirediti 12. Atsala 10. Anzako a giredi 12 avala mikanjo mu Meyi, ndipo iwe unadziwerengera wekha usiku n'kupeza kuti sungafike. Koma unawerengera ngati mlendo amene akudziwa msewu umodzi wokha wopita kumsika. Chaka chimodzi cha sukulu, osajomba, chimapereka makirediti 7, kwina 8. Lamulo la masiku 90 lija lili ndi khomo lakuseri: amene anapezeka masiku osachepera 75 pa 100 angabwezeredwe kirediti akamaliza ntchito imene mphunzitsi wamkulu wavomereza, ndipo amene anatsika kuposa apo angakadandaule ku komiti ya pasukulu yoona za kujomba. Algebra yako ija mwina siinafe, yangokomoka. Pali makalasi obwezera, amene iwo amati credit recovery, momwe umabwereza pa kompyuta zigawo zimene zinakuvuta m'malo mokhala chaka chonse. Pali sukulu ya patchuthi cha Juni ndi Julayi. Palinso kulemba mayeso a phunziro limodzi n'kulandira kirediti yake, ndipo mayeso oterowo amakonzedwa ndi University of Texas at Austin ndi Texas Tech University.

Pali chinanso chimene ndikudziimba nacho mlandu ine mwini. Unamaliza Fomu 1 ku Zomba usanabwere, koma malipoti ako palibe anawapereka kusukulu kuno kuti awaunike. Ine, amene ndinali mphunzitsi, ndinayenera kuziganizira tsiku limene munakalembetsa. Ali m'sutikesi ya amayi ako mpaka lero. Sukulu zimaunika mapepala ochokera kunja zikapemphedwa, ndipo ngakhale atatulukamo makirediti awiri okha, awiriwo ndi miyezi ya moyo wako. Tikafunsenso kuti pa mayeso a boma a STAAR, monga a Algebra I, Biology ndi US History, akutsalira ndi ati, chifukwa nawonso amafunika pa dipuloma. Ndipo dziwa kuti sukulu ya boma kuno ndi yaulere kwa aliyense amene sanakwanitse zaka 21 pa 1 Sepitembala. Ukamaliza mu Ogasiti kapena mu Disembala m'malo mwa Meyi, palibe bwana amene adzakufunse mwezi.

Pa makalasi obwezera aja ndikuchenjeze. Ndaona ana akungodinadina pa kompyuta, mayankho akukopera pafoni, n'kumaliza m'masiku ochepa phunziro la chaka chathunthu. Kirediti amaipeza ndithu, koma akafika ku koleji mayeso olowera amawabweza ku masamu omwe aja, ndipo pamenepo amakhala akulipira. Ukalowa m'kalasi loterolo, ulowe ndi kope ndi pensulo.

Tsopano za GED, chifukwa sindifuna uganize kuti ndikuinyoza. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndakhala ndikuthandiza mongodzipereka kalasi lamadzulo la akuluakulu kutchalitchi kwathu, ndipo ndaonapo bambo wa imvi akulira ngati mwana ataona pafoni kuti wakhoza pepala lake lomaliza. Setifiketi imeneyo ndi yeniyeni. Imatsegula khomo la koleji, ndipo malo ambiri a ntchito amailandira.

Mayesowa anayamba mu 1942, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, pofuna kuthandiza anyamata amene anapita kunkhondo asanamalize sekondale. Bungwe la American Council on Education ndilo linali mwini wake, ndipo mu 1947 New York inayamba kulola anthu wamba kulemba. Taona chiyambi chakecho. Anakonzedwera anthu amene moyo unawazula m'kalasi, amene usilikali unali utawaphunzitsa kale kudzuka m'bandakucha ndi kumaliza chimene ayamba. Amene anawakonza sankaganiza za mnyamata amene desiki lake likadali kumudikira.

Kuyambira 2014 mayesowa amalembedwa pa kompyuta ndipo ali ndi mapepala anayi. Masamu ndi mphindi 115. Chingerezi ndi mphindi 150, ndipo mkati mwake muli mphindi 45 zolemba chimangirizo: amakupatsa nkhani ziwiri zotsutsana, iwe n'kufotokoza kuti ndi iti imene ili ndi umboni wolimba. Sayansi ndi mphindi 90, mbiri ndi za boma mphindi 70. Pepala lililonse malikisi ake amayambira pa 100 kulekeza 200, ndipo kukhoza ndi 145. Ukapeza 165 amati wakonzeka kuphunzira za ku koleji, ndipo pa 175 makoleji ena amakupatsiratu makirediti awo. Sukakamizidwa kulemba onse tsiku limodzi, koma pepala lililonse n'lolipira, ndipo ukalephera limodzi katatu umadikira masiku 60 kuti uyesenso. Kuno ku Texas wolemba ayenera kukhala ndi zaka 18. Wa zaka 17 amaloledwa pokhapokha dzina lake litachotsedwa kusukulu ndipo kholo litavomereza. Choncho chimene unawauza amayi ako ngati nkhani yotha kale chikudikira siginecha yawo.

Anzako akuntchito akuti ndi yophweka. Uwafunse kuti ndi angati mwa iwo ali nayo m'manja. Pepala la masamu loposa theka ndi Algebra, ndipo apo sindikuopa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi pepala la mbiri ndi za boma, limene theka lake ndi za malamulo ndi kayendetsedwe ka boma la America: Constitution, mphamvu za Congress, za makhoti, za pulezidenti. Mwana wobadwira kuno wakhala akuzimva kuyambira ku pulayimale. Iwe unakula ukuphunzira za John Chilembwe ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo kalasi limene likanakutsekera mpata umenewo ndi limodzi mwa amene ukufuna kuwasiya.

Koma chachikulu sichili pa kuvuta kwa mayeso. James Heckman, katswiri wa zachuma wa ku University of Chicago amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, wakhala zaka zambiri akutsatira moyo wa anthu a GED. Mu 1993 iye ndi Stephen Cameron anafalitsa zimene anapeza, ndipo kafukufuku wake wa pambuyo pake sanasinthe nkhaniyo kwenikweni. Pa nzeru za pamayeso, a GED amafanana ndi amene anamaliza sekondale osapitirira ku koleji. Koma pa malipiro ndi pa kukhalitsa pantchito, ambiri amayandikana kwambiri ndi amene anasiyira sukulu panjira opanda pepala lililonse, ndipo ambiri amene amalowa koleji samaliza. Heckman anati kusiyanako kuli pa khalidwe: kupirira, kusunga nthawi, kubwera tsiku limene sukufuna kubwera. Mayeso a maola 7 angayeze zimene zili m'mutu mwa munthu, koma sangaone ngati munthuyo adzafika Lolemba lililonse kwa zaka ziwiri. Chimene chinam'chotsa m'kalasi chimam'tsatira mpaka ku koleji ndi kuntchito ngati sanachithetse.

Ine izi sindinazione m'mabuku mokha. Sitandade 8 ndinalemba kawiri osasankhidwa. Masiku amenewo malo a kusekondale anali ochepa kwambiri, ndipo ana anzeru ambiri ankatsala pamudzi. Ndinalowa MCC, sukulu yophunzira kudzera m'makalata, imene pambuyo pake inadzatchedwa MCDE. Ankatitumizira timabuku ta maphunziro, tinkamvera maphunziro ena pa wailesi ya MBC, ndipo tinkakumana m'kalasi lobwereka la pulayimale ana akaweruka. Anzathu osankhidwa akabwera kutchuthi ndi mataye awo ankatiyang'ana ngati otsalira, ndipo zinkapweteka. Tinayamba anthu oposa 30. Amene tinafika polemba JC tinali asanu. Enawo sanali mbuli ayi. Panali mnzanga wina amene ankandiphunzitsa masamu pansi pa mtengo wa mango, wanzeru kundiposa kutalitali. Nyengo yothyola fodya itafika anati apume pang'ono athandize bambo ake, abwera ikatha. Panalibe belu lomuitana, panalibe mphunzitsi womufunsa kuti dzulo unali kuti. Sanabwerenso. Ndinakumana naye patapita zaka zambiri pa depoti ya mabasi ku Limbe, ndipo funso lake loyamba linali lakuti kodi masamu aja ndinawamvetsa.

Ndimam'kumbukira ndikayang'ana kaundula wa kalasi lathu lamadzulo. Mu Sepitembala mipando imasowa. Pofika Novembala timakhala ochepa, ndipo amene amayamba kusowa nthawi zambiri ndi achinyamata. Amayi a ana atatu amabwera atatopa, maso ofiira, koma amabwera, chifukwa moyo unawawerengera kale mtengo wa kusowa pepala. Mnyamata wa zaka 18 amapatsidwa shifiti yowonjezera, amati ndibwera sabata yamawa. Njira yachiwiriyi imafuna mwambo wochuluka kuposa yoyamba, chifukwa belu umakhala iwe mwini. Ngati piriyodi yoyamba inakuvuta pamene panali basi yachikasu pakhomo ndi mphunzitsi woitana mayina, udzifunse moona mtima kuti adzakudzutsa ndani pamene zonsezo palibe.

Tikawerengera bwinobwino n'kupeza kuti dipuloma ili kutali zedi, kapena kuti kukhalabe m'makalasi ndi ana a zaka 15 kukungokufooketsa, ine ndidzakhala woyamba kukuperekeza ku GED, ndipo ndidzayankha ndine aliyense wonena kuti walephera. Koma tidzachita mwadongosolo. Sabata yochotsa dzina kusukulu idzakhale yomweyo yoyamba kalasi lokonzekera, pasakhale mwezi wopumula pakati, pakuti mwezi umenewo ndi umene umameza anthu. Makalasi aulere alipo ku Dallas College ndi m'malaibulale ena, ndipo ndikufuna kalasi la mphunzitsi amene adzadziwe nkhope yako, osati mavidiyo a pafoni okha. Usanalipire pepala lililonse udzayambe walemba mayeso oyesera a GED Ready, amene amakuuza ngati wakonzeka. Udzayambe ndi masamu, chifukwa kukhoza pepala loyamba kumapatsa mphamvu ya mapepala enawo. Ndipo usadzaloze pa 145. Munthu wa 81 pa Algebra aloze pa 165.

Chinanso, usanalembe pepala loyamba udzandiuze dzina la maphunziro amene udzalowe ukamaliza, ndi mwezi umene akuyamba. Kaya ndi zamagetsi, kaya kuwotcherera zitsulo, kaya unamwino, kaya zamakompyuta zimene umakonda, zili kwa iwe. Amene GED imawapindulira kwambiri ndi amene amaitenga ngati mlatho n'kuwoloka nthawi yomweyo. Unanenapo za usilikali chaka chatha. Dziwa kuti kumeneko a dipuloma amawaika m'gulu loyamba ndipo a GED m'gulu lachiwiri, limene amatengamo anthu ochepa, pokhapokha munthu atawonjezera makirediti 15 a ku koleji. Ndi bwino uzimve kwa ine lero kusiyana n'kudzazimva pa tebulo la wolemba asilikali.

Za pa intaneti zija unawaonetsa amayi ako, zoti ulipire ndalama n'kulandira dipuloma m'masiku ochepa, uzisiye. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mayi wina wa m'kalasi mwathu anabwera ndi pepala lotere, lokongola, la chidindo chagolide, atalikana ku koleji ndipo ndalama zake zitapita. Setifiketi yeniyeni imatuluka ku boma la Texas munthu atakhoza mayeso oyang'aniridwa, ndipo palibe amene angakugulitse.

Tinene za ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wako uli pamenepo. Zimene ukulandira pa ola zikuoneka zambiri lero popeza sulipira lendi. Ntchito yonyamula makatoni imakonda msana wa zaka 17, koma siikumbukira mwini msanawo akafika zaka 40. Sindikukuuza kuti usiye ntchito. Ndikuti shifiti yausiku ya mkati mwa sabata ithe, utsale ndi Loweruka ndi Lamlungu masana. Ndalankhula ndi agogo ako aakazi, ndipo inshuwalansi ya galimoto imene wakhala ukulipira tiitenga ife mpaka umalize. Amayi ako anakana poyamba, monga umawadziwira, koma ndinawakumbutsa kuti mwanayu si wawo okha.

Nawonso ndawauza mawu awo. Chimene chikuwadya kwambiri ndi choti kumudzi amva chiyani, poti achibale onse amadziwa kuti mwana ali ku America, ndipo azakhali ako ayamba kale kufunsa pa WhatsApp za tsiku la mkanjo. Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Manyazi omwewo ndi amene anakusungitsa makalata a kusukulu m'chikwama miyezi itatu, ndipo ndi amene anawaletsa iwo kupita kumsonkhano wa makolo poopa Chingerezi chawo. Tataya kale nthawi yambiri chifukwa aliyense m'nyumbamo ankateteza mnzake pokhala chete. Akumudzi ndidzawauza ndekha kuti tsikulo lasuntha, ndipo pa foni yanga palibe amene adzafunse kawiri.

Amayi ako apempha nthawi kwa mlangizi wa pasukulu Lachiwiri m'mawa, ndipo ine ndibwera nanu. Kumeneko wolankhula ukhale iwe. Ukafunse kuti ndi makirediti ati enieni amene akusowa, ndi angati amene anagwidwa chifukwa cha kujomba, angabwezedwe bwanji, ndipo ngati utachita zonse, tsiku loyandikira kwambiri lomaliza ndi liti. Ukapemphe kuti akulembere yankholo papepala. Koma Lamlungu uyambe wabwera kuno tikatuluka m'tchalitchi. Upemphe ku ofesi pepala la zotsatira zako zonse, limene amati transcript, utenge malipoti a ku Zomba aja m'sutikesi, ndi ndandanda ya mashifiti ako a mwezi uno. Agogo ako aakazi akuti aphika nkhwani wotendera, ufa woyera anaupeza. Tikatha kudya tichotsa mbale patebulo n'kuyala mapepalawo.